Kwacha Ikalowa M'foni, Mlonda Wake Ndani?

Mwezi wa Juni ukafika, boma la Lundazi limadzuka msanga. Ngolo za ng'ombe ndi njinga zimatulukira m'misewu ya ku Mwase ndi ku Emusa zitasenza matumba a soya, nsawa ndi mpendadzuwa, ndipo dzuwa likamafika paliwombo ndalama zimakhala zitadutsa m'manja ambiri. Munthu amene anachoka kuno zaka 15 zapitazo atabwera lero, chimene angayambe kuona ndi tinyumba tating'ono tofiira, tachikasu ndi tobiriwira timene tandandalika m'mbali mwa msewu ndi pafupi ndi msika. Anthu amangoti mabuthi. M'kati mwa kalikonse mumakhala mnyamata kapena mtsikana, mafoni awiri kapena atatu, kope ndi kachikwama ka ndalama.

M'mawa wina ndinaima pamzere pa kanyumba kotere. Patsogolo panga panali mayi wachikulire amene anamangirira foni yake yamabatani pansonga ya chitenje, pamene kale pankakhala ndalama. Anamasula mfundoyo n'kupereka foni pawindo.

"Mwana wanga, undionereko ngati zalowa. Akuti atumiza dzulo kuchokera ku Kitwe."

"Zalowa amayi, K600. Mutapa zonse?"

"Undipatse K400, zinazo zikhale momwemo. Ndikapita nazo kunyumba zithera mchere ndi sopo."

Mtsikana wa pawindo anawabwezera foni kuti alembe nambala yawo yachinsinsi, koma iwo anaikankhira kwa iye. "Lemba ndiwe, maso angawa sationa timanambalato." Ndipo anaitchula mokweza, tonse pamzere tikumva.

Nkhani yonse ya ndalama za m'foni ili m'kukambirana kumeneku. Mayiyu walandira thandizo la mwana wake popanda kukwera basi. Wasankha kusunga K200 pamalo amene sangawaone kapena kuwakhudza. Komanso wapereka kiyi wa nkhokwe yake kwa aliyense amene anali ndi makutu. Funso langa ndi ili: ndani akulondera K200 imeneyi, ndipo malamulo amene amalembedwa ku Lusaka amafika pawindo limeneli ali ndi mphamvu yotani?

Foni inatsogola, lamulo linabwera pambuyo

Ambiri akamakamba za ndalama za m'foni amayambira ku Kenya, kumene Safaricom inakhazikitsa M-Pesa mu 2007. Komatu Zambia inali italawa kale. Mu 2002 kampani ya Celpay inayamba kuthandiza amalonda kulipirana pafoni, dziko lisanakhale ndi lamulo lolunjika pa ntchitoyi. Lamulolo, National Payment Systems Act, linabwera mu 2007, ndipo linapatsa Bank of Zambia mphamvu yoyang'anira njira zolipirana, ngakhale mwini wake asakhale banki. Apa ndi pamene panatsegukira khomo. Ku Nigeria, kumene kwa zaka zambiri makampani a mafoni sankaloledwa kutsogolera ntchitoyi, ndalama za m'foni zinachedwa kufalikira. Ku Zambia anasankha kuwalola, bola atenge chilolezo ndipo aziyang'aniridwa.

Mu 2009 kunabadwa kampani ya Mobile Transactions, imene mwa ntchito zake zoyambirira inathandiza kampani ya thonje ya Dunavant kulipira alimi popanda kuyenda ndi matumba a ndalama m'midzi. Kenako inatenga dzina la m'chilankhulo chathu, Zoona, ndipo tinyumba take tobiriwira tinafika mpaka ku Malawi. Airtel Money inayamba mu 2011, MTN Mobile Money mu 2012, ndipo Zamtel inatsatira mu 2017. Kafukufuku wa FinScope anapeza kuti mu 2015 akuluakulu 14 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankagwiritsa ntchito ndalama za m'foni, koma pofika mu 2020 anali 58. Pa zaka zisanu zomwezo, anthu amene anali ndi njira ina iliyonse yosungira, yotumizira kapena yobwerekera ndalama anachoka pa 59 kufika pa 69 mwa 100.

Kuti manambalawa amveke, kumbukirani mmene dera lino lilili. Lundazi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Chipata, ndipo nthambi zochepa za mabanki zimene zilipo zili paboma. Mpaka mu 2018, pamene Lumezi ndi Chasefu anakhala maboma paokha, boma limodzi lomweli linkayambira kumalire a Malawi kukathera m'chigwa cha Luangwa. Munthu wa kwa Kazembe kapena kwa Chitungulu akafuna banki ankataya tsiku lonse panjira, nthawi ya mvula n'kulephereratu. Ndalama zochokera kwa ana a ku Lusaka ndi kumigodi zinkabwera m'envulopu, m'manja mwa kondakitala wa basi kapena wachibale amene akupita kumaliro. Mabanki analephera kuwafikira anthuwa kwa zaka zoposa 40 za ufulu. Foni inawafikira pa zaka khumi.

Nkhokwe imene simuiona

Chinthu chachikulu chimene Bank of Zambia inachita bwino ndi chimene anthu ambiri sachidziwa n'komwe. K200 imene mayi uja anasiya sili m'foni mwake. Foni ikagwera m'chitsime, ndalamazo sizinyowa. Manambala amene amaoneka pafoni ndi chizindikiro chabe cha kwacha yeniyeni imene ili kubanki.

Zimayenda chonchi. Ejenti, amene ndi munthu wa pa buthi uja, asanatsegule windo lake, amapereka ndalama zenizeni kuti apatsidwe ndalama za m'foni zofanana nazo, zimene iwo amati fuloti. Mukamupatsa K100 yapepala, iye amachotsa K100 pa fuloti yake n'kuitumiza kwa inu. Mukamatapa, zimayenda mobwerera. Palibe ndalama yatsopano imene yapangidwa. Malangizo amene Bank of Zambia inatulutsa mu 2015 n'kuwakonzanso mu 2018 amalamula kuti kampani iliyonse yopereka ndalama za m'foni isunge kubanki ndalama zenizeni zokwanira zonse zimene makasitomala ake ali nazo, mu akaunti yapadera yosiyana ndi ya kampaniyo. Kampani siloledwa kutapamo kuti ilipire antchito ake kapena imangire nsanja za netiweki. Zili ngati chimanga chimene mwasungitsa m'nkhokwe ya mnzanu: nkhokwe ndi yake, koma chimanga ndi chanu, ndipo iye akagwa m'ngongole omulonjerera alibe gawo pa chimangacho.

Lamuloli ndi limene lachititsa kuti anthu azigona tulo ndalama zili m'foni. Komabe nkhokwe nayo imalowa anankafumbwe. Mu Epulo 2024 Bank of Zambia inalanda Investrust Bank chifukwa chuma chake chinali chitachepa kuposa ngongole zake. Izi zikutikumbutsa kuti banki imene ikusunga ndalama za anthu mamiliyoni a m'foni iyenera kulonderedwa kwambiri, ndiponso kuti si nzeru kuunjika ndalama zonsezo m'banki imodzi.

Milatho pakati pa zilumba

Poyamba kampani iliyonse inali ngati chilumba. Wa kampani ina akafuna kutumizira wa kampani ina, ankatapa ndalama pa buthi iyi n'kukaziika pa buthi inayo, n'kulipira kawiri. Yankho linali National Financial Switch, makina olumikiza onse amene amayendetsedwa ndi Zambia Electronic Clearing House Limited, kampani ya Bank of Zambia ndi mabanki a m'dzikoli. Anayamba mu 2018 ndi makina otapira ndalama a mabanki, kenako makina olipirira m'masitolo, pomaliza mafoni. Lero mphunzitsi wa ku Mwase angachotse malipiro ake kubanki n'kuwaika m'foni ali m'nyumba mwake, n'kutumizira mng'ono wake wa netiweki ina.

Mlatho wina ndi wa zitupa. Kutsegula akaunti kubanki kunkafuna zithunzi, kalata yotsimikizira kumene ukukhala, nthawi zina ndi munthu wokuikira umboni. Mlimi wa kumudzi alibe bilu ya madzi kapena ya magetsi yoti aonetse. Oyang'anira anagawa maakaunti a m'foni m'magulu: wa ndalama zochepa amangofunika chitupa cha NRC ndi simu yolembetsedwa m'dzina lake, pamene wofuna kuyendetsa ndalama zambiri amafunsidwa zambiri. Mlingo wa chitetezo umakula molingana ndi kukula kwa ndalama. Iyi ndi nzeru yabwino, pakuti mayi wogulitsa tomato sayenera kufufuzidwa ngati mwini mgodi.

Matenda a COVID-19 anakankha zinthu. Mu Marichi 2020 Bank of Zambia inakweza mlingo wa ndalama zimene munthu angasunge ndi kutumiza pafoni, ndipo kwa kanthawi kutumizirana ndalama zosaposa K150 kunali kwaulere. Mu 2024 banki yaikuluyi inalengezanso kuti macheke athetsedwa pang'onopang'ono mpaka mu 2026. Njira imene dziko lasankha ikuoneka poyera.

Nazale ya zinthu zatsopano

Mlimi wa fodya safesa mbewu m'munda monse. Amayamba ndi nazale pafupi ndi madzi, pamene angaone tsiku ndi tsiku ngati mbande zikukula kapena zagwidwa ndi matenda, ndipo zolimba zokha ndi zimene amakawokera. Oyang'anira chuma atengera nzeru yomweyi. Kampani ikabwera ndi njira yatsopano imene malamulo omwe alipo sakuidziwa, amailola kuyesa pa anthu ochepa, kwa nthawi yochepa, iwo akuyang'anitsitsa. Pachingerezi amati sandbox. Inayambira ku Britain mu 2016, ndipo mu 2021 Bank of Zambia ndi Securities and Exchange Commission anatsegula zawo.

Ubwino wake ndi wakuti woyang'anira amaphunzira asanalembe lamulo, m'malo moletsa chinthu chimene sanachimvetse. Koma nazale ili ku Lusaka, ndipo ndi kosavuta kuti zoyesedwamo zikhale za anthu a mafoni a intaneti a m'tauni. Ndikanakonda kuti chilichonse chisanavomerezedwe, chiziyesedwanso pa foni yamabatani, kumalo kumene netiweki imapezeka pachulu pokha.

Pa ndalama za pa intaneti monga Bitcoin, Bank of Zambia inachenjeza mu 2018 kuti si ndalama zovomerezeka m'dzikoli, ndipo wozigula adziwe kuti zikatayika palibe womubwezera. Chenjezoli linali lofunika, pakuti dzina la ndalama zoterezi lakhala chophimba cha anthu olonjeza kuti mukaika K1,000 lero mudzatenga K2,000 mwezi wamawa. Kale wachinyengo wotere ankafunika ofesi ndi chikwangwani. Lero amangofunika gulu la pa WhatsApp ndi nambala yolandirira ndalama.

Walira mvula walira matope

Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene lamulo latsalira kwambiri.

Chaka china azakhali anga anagulitsa nsawa zawo n'kuika K1,200 m'foni kuti adzagulire feteleza. Patapita masiku atatu anaimbiridwa ndi mwamuna wolankhula mwaulemu, amene anawatchula dzina lawo lonse. Anati akuimba kuchokera ku ofesi ya kampani, ndipo nambala yawo itsekedwa madzulo omwewo ngati satsimikiza kuti ndi yawo. Anawauza mabatani oti adinde, limodzi limodzi, moleza mtima ngati mphunzitsi wa ana. Pomaliza anawauza kuti alembe nambala yachinsinsi. Uthenga wonena kuti ndalama zachoka utabwera, unali m'Chingerezi, ndipo anadikira mdzukulu wawo kuti abwere kusukulu adzawawerengere.

Madzulo ake anandiimbira. "Mwana wanga, ndapusitsidwa ine munthu wamkulu. Usauze anthu." Manyazi awo anandipweteka kuposa ndalamazo. Mawa lake anapita pa buthi, ndipo ejenti anawauza kuti iye alibe mphamvu yobweza. Anaimba nambala yothandizira makasitomala, n'kuyankhidwa ndi mawu ojambulidwa. Ofesi ina inawatumiza ku ina. Atatha mlungu akuyenda, anangoti madzi akatayika saoleka, n'kubzala chimanga chopanda feteleza.

Koma ndalama za m'foni si madzi otayika pamchenga. Zimasiya mapazi. Makina amadziwa nambala imene yalandira, nthawi yake, ndi buthi imene zinatapidwira. Malamulo olanga akubawa aliponso. Mu 2021 nyumba ya malamulo inavomereza Cyber Security and Cyber Crimes Act, imene mu 2025 inalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano, komanso Data Protection Act yoteteza zinsinsi za anthu. Bungwe la ZICTA limalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, ndipo linakhazikitsa nambala ya *707# yoti anthu azinenerapo manambala a achinyengo. Zonsezi ndi zabwino. Chimene chikusowa ndi liwiro komanso khomo limodzi. Wakuba amatapa ndalama m'mphindi zochepa, pamene wobedwa amatha masiku akufunsa kuti nkhani yake ndi ya ndani: Bank of Zambia imayang'anira ndalama, ZICTA imayang'anira simu, Competition and Consumer Protection Commission imamva madandaulo a ogula, ndipo apolisi ndiwo amagwira mbala. Maofesi a Bank of Zambia ali ku Lusaka ndi ku Ndola. Mayi wa ku Lundazi sangawafike chifukwa cha K1,200.

Palinso funso la amene ayenera kusenza mtolo. Masiku ano, ngati mwalemba nokha nambala yachinsinsi, mlandu umakhala wanu. Ku Britain anaona kuti zimenezi zimachititsa makampani kugona, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 mabanki ndi makampani olipirira amakakamizidwa kubwezera munthu amene wanyengedwa kuti atumize yekha ndalama, mpaka mapaundi 85,000. Zambia singatengere lamuloli mmene lilili, koma mfundo yake ndi yoona kulikonse: amene ali ndi makina oonera kuti nambala imodzi yalandira ndalama kwa anthu 30 osadziwana m'tsiku limodzi ndi kampani, osati azakhali anga. Kampani ikadziwa kuti itayako gawo, idzalondera bwino.

Tisaiwalenso chilankhulo. Anthu ambiri a ku Lundazi amalankhula Chitumbuka, chimene sichili m'gulu la zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa ntchito m'sukulu. Ena amalankhula Chichewa. Koma uthenga wonena kuti ndalama zachoka umabwera m'Chingerezi, pamene wakuba amaimba m'chilankhulo cha kwanu. Lamulo lonena kuti kasitomala auzidwe zonse momveka silinakwaniritsidwe ngati wauzidwa m'chilankhulo chimene sachimva.

Ngongole yobwera usiku

Chilimba ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama m'midzi ali ndi mphamvu imodzi: obwereketsa amakudziwa, amadziwa munda wako ndi mavuto ako. Kaloba, amene ku Malawi amati katapila, ndi woopsa, koma mwini wake mumaonana naye maso ndi maso. Ngongole ya pafoni ilibe nkhope. Makina amawerenga mmene mumagulira mayunitsi ndi mmene ndalama zimalowera ndi kutuluka, n'kukuuzani kuti mungabwereke zingati. Kongola ya MTN, imene inayamba mogwirizana ndi kampani ya JUMO, ndi imodzi mwa zodziwika. Kwa mayi amene mwana wake wadwala pakati pa usiku ndipo akufuna ndalama ya njinga yamoto yopita kuchipatala, ngongole yotere ndi chipulumutso.

Vuto lili pa kamvedwe ka mtengo wake. Munthu akauzidwa kuti abweza K115 pa K100, amaona ngati n'zochepa, osawerengera kuti ndi za mwezi umodzi, ndipo akamabwereza chaka chonse amakhala atalipira chiwongoladzanja choposa ndalama imene anabwereka. Akalephera kubweza, dzina lake lingalembedwe ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene amayendetsedwa ndi Credit Reporting Act ya 2018, ndipo K100 ya lero ingadzamutsekere ngongole ya ulimi ya mawa. Zimafika poipa ngongole ikakumana ndi njuga ya mpira, imenenso ili m'foni yomweyo.

Obwereketsa amene ali ndi chilolezo cha Bank of Zambia anaikidwa pansi pa Banking and Financial Services Act ya 2017. Koma lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, Money Lenders Act, kwa zaka zambiri linalola munthu kutenga chilolezo kukhoti la majisitireti, ndipo ena obwereketsa pa intaneti alibe chilolezo chilichonse. Otere ndi amene amatenga manambala onse a m'foni mwanu n'kumaimbira apongozi anu mukachedwa kubweza. Kenya inaona zomwezi, ndipo mu 2022 inalamula kuti aliyense wobwereketsa pafoni atenge chilolezo ku banki yaikulu. Kungoika malire pa chiwongoladzanja si yankho lokwanira, pakuti Zambia inayesa mu 2013 n'kusiya mu 2015 itaona kuti obwereketsa achepetsa ngongole kwa anthu ang'onoang'ono. Chofunika ndi mlonda mmodzi wa obwereketsa onse, ndi lamulo loti mtengo wonse unenedwe m'makwacha munthu asanadinde batani.

Msonkho pa dontho lililonse

Ndalama zikachuluka pamalo, boma limayang'anako. Pa 1 Januwale 2024 unayamba msonkho wa Mobile Money Transaction Levy, umene nduna ya zachuma Situmbeko Musokotwane anaubweretsa m'bajeti. Munthu akamatumizira mnzake ankadulidwa kuyambira 8 ngwee pa ndalama zochepa mpaka K1.80 pa zochuluka. Mu 2025 msonkhowu unawirikizidwa kawiri.

Mbali ya boma ndi yomveka. Dziko linalephera kulipira ngongole zake zakunja mu 2020, anthu ambiri amagwira ntchito zimene sizidulidwa msonkho wa malipiro, ndipo sukulu zaulere ndi mankhwala zimafuna ndalama. Ngwee zochepa zotengedwa kwa anthu mamiliyoni zimasanduka chuma.

Koma maiko anzathu atiphunzitsa kusamala. Uganda inaika msonkho wa 1 peresenti mu 2018, ndipo chaka chomwecho inautsitsa anthu atachepetsa kutumiza. Malawi inaganiza zoika wofanana nawo mu 2019 n'kubwerera m'mbuyo anthu atadandaula. Tanzania inaika wake mu 2021 n'kuyamba kuuchepetsa posakhalitsa. Ghana inaika 1.5 peresenti mu 2022, n'kuuthetseratu mu 2025. Wa ku Zambia unayamba wochepa poyerekeza ndi amenewa, koma umabwera pamwamba pa zimene kampani imadula potumiza ndi potapa. Wa kumudzi, amene alibe njira ina, ndi amene amaumva kwambiri. Ndipo mu Marichi 2025 Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano zapepala, kuphatikizapo K200 ndi K500, zimene zapeputsa kunyamula ndalama zambiri m'thumba. Kutumiza pafoni kukadula kwambiri, envulopu ya kondakitala idzabwerera.

Ejenti, magetsi ndi malire

Mtsikana wa pawindo uja ndiye nkhope ya dongosolo lonseli. Ndi iye banki, mlangizi ndi wowerengera anthu mauthenga. Kumudzi vuto lake lalikulu ndi lakuti anthu ambiri amabwera kudzatapa kuposa kudzaika. Nthawi yokolola, kapena tsiku limene ndalama za Social Cash Transfer zalowa, chikwama chake chimauma dzuwa lisanakwere, ndipo amayenera kutseka n'kupita paboma kukatenga zina, ali ndi mantha a achifwamba panjira. Boma nalo likudalira njirazi: makuponi a feteleza a FISP, amene mlimi amasonkhako K400, anayamba kuyesedwa pa makadi mu 2015. Ngati dziko laika katundu wolemera chonchi pa maejenti, liyenera kuonetsetsa kuti ndi ophunzitsidwa, otetezedwa, ndipo phindu lawo ndi lokwanira kuti asamaonjezere mitengo mobisa.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko pa 29 Febuluwale, chinaonetsa kufooka kwina. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, ndipo nsanja zina za netiweki zinkazima nawo. Ndalama ukhoza kukhala nazo m'foni koma osagula ufa. Choncho ndalama zapepala zisathamangitsidwe msanga m'madera ngati ano.

Kenako pali malire. Anthu a ku Lundazi ndi a ku Mzimba ndi Kasungu ndi amodzi: amakwatirana, amaikana maliro, amagulitsana chimanga ndi nyemba kudzera pa Lusuntha ndi m'tinjira tambiri. Koma malamulo a ndalama amathera pachipata. Ku Malawi kuli Reserve Bank of Malawi ndi Payment Systems Act ya 2016, kuli Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo kwacha yake ndi ina. Ambiri amangodalira osintha ndalama a pamalire, opanda lisiti ndi kokadandaula. Bungwe la COMESA, limene likulu lake lili ku Lusaka, linasankha Zambia ndi Malawi kuti ayesereko njira yolipirana pafoni m'ndalama za maiko awiriwa popanda kudzera pa dola. Ikadzafika pa foni ya mayi wogulitsa nyemba, idzakhala itagwira ntchito yake.

Muyeso wake uli pawindo

Tikayang'ana ulendo wonse kuyambira 2002, oyang'anira chuma ku Zambia achita zazikulu zitatu. Analola alendo kulowa m'ntchito imene inali ya mabanki okha. Anatchingira ndalama za anthu m'nkhokwe yapadera. Analumikiza zilumba. Zimenezi zateteza dongosolo lonse kuti lisagwe. Ntchito yotsala ndi yoteteza munthu mmodzi, wa ndalama zochepa, amene ali kutali.

Munthu ameneyo safuna zambiri. Akufuna nambala imodzi yaulere imene akaimba ayankhidwe ndi munthu, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, amene ali ndi mphamvu yoimitsa ndalama zisanatapidwe. Akufuna kudziwa tsiku limene dandaulo lake lidzayankhidwe. Akufuna kuuzidwa mtengo wa ngongole m'makwacha. Akufuna kuti msonkho usadye kandalama kochepa kamene mwana wake watumiza. Ndipo ife amene timadziwa kuwerenga tili ndi gawo lathu, pakuti mutu umodzi susenza denga: mafumu pamisonkhano, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi ndi mawailesi a m'dera tizibwereza mosatopa kuti nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi.

Mayi uja atalandira K400 yake, anaiwerenga kawiri. Mtsikana wa pawindo anatsitsa mawu, koma ndinamumva.

"Amayi, nambala yanu ija anthu aimva. Bwerani mkati muno tisinthe, musankhe imene mungaikumbukire nokha. Ine ndiyang'ana kumbali."

Anatsegula kachitseko, mayiwo analowa, ndipo ife tinadikira. Palibe anadandaula. Atatuluka anamangiriranso foni pansonga ya chitenje, n'kukoka mfundo ndi mano kuti ilimbe. Tsiku limenelo mlonda wa K200 yawo anali mtsikana wa pa buthi, amene palibe anamutuma. Lamulo labwino ndi limene lidzaonetsetsa kuti mayiyu ndi wotetezeka ngakhale tsiku limene pawindo padzakhale munthu wina.